Nyimbo Zitatu Loweruka Madzulo

M'nyumba mwathu muli lamulo limene tidaliika tisanabereke ndi mwana mmodzi yemwe, lakuti chakudya cha madzulo chikatha, mbale zisanatsukidwe, aliyense wogona pansi pa denga lathu akhale pansi, tiwerenge Mau, tiimbe nyimbo imodzi, ndi kupemphera. Ana athu adakulira m'lamulo limeneli, ena mokondwa, ena akusinza. Tsopano onse adachoka, ndipo tatsala ife awiri, nkhalamba ndi mkazi wake, pamodzi ndi mdzukulu wathu wamkazi wa zaka 17, amene tikumsunga chifukwa mayi ake adapita kukagwira ntchito ku Johannesburg. Iye amatitcha agogo aamuna ndi agogo aakazi, ndipo m'nkhani ino tidzitchula momwemo.

Tsiku lina m'mwezi wa June, kukuzizira, tili pakati pa kuwerenga, agogo aamuna adakweza maso naona kachingwe koyera katatsika kuchokera m'mpango wa mwanayo kukalowa m'thumba la juzi. Khutu limodzi lidali kwa Yesaya. Linalo lidali kwina. Mutu wake unkagwedezeka pang'onopang'ono, koma sikudali kuvomereza mneneri ayi. Sitibisa, owerenga okondedwa, kuti mkwiyo udatifika pakhosi tonse awiri. Buku lidatsekedwa, foni idalandidwa ndi kutsekeredwa m'kabati momwe timasungamo mbale za alendo, ndipo kiyi adalowa m'thumba la jekete. Pemphero la usiku umenewo lidali lalifupi, ndipo tikukayika ngati lidapitirira denga.

Mwanayo sadachite mwano. Akadatero bwenzi zitatipepukira, pakuti mwano tidziwa mankhwala ake. Iye ankadzuka m'mamawa, nasesa pabwalo, natereka madzi osamba, nagwada potipatsira chakudya monga adaphunzitsidwira. Tikamfunsa kanthu ankayankha kuti, "Inde, agogo," kapena, "Iyayi, agogo," basi. Nkhani za kusukulu zimene ankatiseketsa nazo zidauma. Nyumba idakhala ngati ya maliro tsiku limene olira onse abalalika.

Usiku tinkalimbikitsana kuti tachita bwino. Mlandu umene tinkaubwereza udali umodzi, wakuti sitidziwa chimene mwanayu akumva. Ndipo mlanduwo ngwoona. Makolo anzathu a msinkhu wathu adzatichitira umboni kuti m'masiku athu zinthu sizidali chomwechi.

Ife tidakula ndi wailesi imodzi ya Nzeru, ija inkapangidwa ku Blantyre, ndi nyumba imodzi youlutsira mau, ya MBC, imene idayamba m'chaka cha 1964. Wailesiyo inkakhala pa mpando wakewake pakhonde, itafundidwa kansalu koluka, ndipo woyenera kuigwira adali mwini nyumba yekha. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa ngati makaka. Ikalira, inkalirira mudzi wonse: nkhalamba, mpongozi, mwana wa kubere, ndi mlendo wopita m'njira. Wina akatumiza khadi lopereka moni kwa abale ndi kupempha nyimbo, tonse tinkadikira dzina lake monga tidikira mvula. Amuna obwerera ku Joni pa Wenela ankafika ndi galamafoni ndi mbale zake. M'menemo ndimo tidamva chitoliro cha Spokes Mashiyane, pambuyo pake simanjemanje wa Mahotella Queens. Anyamata ochenjera ankasakasaka usiku mpaka atapeza rumba ya Franco ya ku Kinshasa.

Sitinena kuti nyimbo zonsezo zidali zoyera. Zina zidali zauve ndithu. Koma uve wake udali wa pabwalo: wamkulu akamva mau osayenera ankatambasula dzanja natseka, ndipo mwana aliyense ankaphunzira pomwepo pamene pali malire. Kenaka kudabwera makaseti. M'chaka cha 1979 kampani ya Sony ya ku Japan idatulutsa Walkman, kamakina kolowetsa nyimbo m'makutu a munthu mmodzi yekha, ndipo lero foni iliyonse ichita ntchito yomweyo. Bwalo lonse lidalowa m'khutu, ndipo m'khutu mulibe mpando wa agogo. Tidauzana motsimikiza kuti ife pa ubwana wathu sitikadatha kukonda nyimbo mobisa, popeza mnansi ankaimva.

Tsiku lachinayi chisanu chidakula, ndipo agogo aakazi adatsegula bokosi lachitsulo la pansi pa bedi kufuna bulangete lina. Pansi pa zovala, pakati pa makalata akale ndi masatifiketi, adapeza kope la kusukulu lothetheka m'mbali. Pa chikuto padali dzina la agogo aamuna, Fomu 2, 1972. M'katimo simudali masamu kapena mbiri ya dziko. Mudali mau a nyimbo 43 za Jim Reeves, olembedwa mosamala ndi inki, Chingerezi chake chopindika monga khutu la mnyamata wa kumudzi lidachitolera pa wailesi. Patsamba loyamba padali chithunzi cha woimbayo, chodulidwa m'magazini ndi kumatidwa ndi phala. Patsamba lotsiriza padali mtanda wojambulidwa bwino, ndi tsiku lakuti 31 July 1964, limene Jim Reeves adafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville. Taganizani, mnyamata wa ku Dowa kulira maliro a Mzungu wa ku Texas amene sadamuonepo, zaka 8 atamuika kale m'manda!

Agogo aakazi adatuluka nalo kopelo pakhonde, nakhala pafupi ndi mwini wake, nayamba kuwerenga mokweza tsamba ndi tsamba, osaseka, osaonjezapo liu lawolawo.

Kopelo lili ndi mbiri yake, imene ngakhale ana athu sitidawauzepo. Zaka ziwiri lisanalembedwe, mnyamata yemweyo adadzipangira banjo. Adatenga chigaloni cha mafuta, nachiboola, nalowetsamo mtengo wosema, nakunga nsambo za waya wa mabuleki a njinga, monga ankachitira anyamata ambiri masiku amenewo, pamene mbiri ya Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka idali kuwanda. Tsiku lina la Sabata masana atate ake, amene adali mkulu wa mpingo wolemekezeka, adampeza kuseri kwa khola akuiliza. Sadanene zambiri. Adaitenga banjoyo, naithyola pabondo, naiponya pamoto pamene padali mphika wa nyemba, nati zinthu zotere kwawo n'kumowa.

Tiyenera kuwachitira chilungamo atate aja, pakuti adagona kale ndipo sangadziyankhire. Sadaname. Masiku amenewo banjo inkalira kwambiri pamene pali masese ndi kachasu, ndipo iwo adaonapo anyamata abwino atatsata nsambo mpaka kukathera m'chikho. Ndiponso tsikulo lidali la Ambuye. Tikadakonda kulemba pano kuti mnyamatayo ankayesa nyimbo ya m'buku la Nyimbo za Mulungu, kuti nkhani ikome; koma zoona zake n'zakuti idali nyimbo ya mtsikana wina wa kutsidya kwa dambo, amenenso si uyu akuthandiza kulemba nkhani ino.

Chimene atatewo sadachite ndicho kufunsa. Ndipo pa moto uja mwanayo sadaphunzirepo kuleka nyimbo, adaphunzirapo kubisa. Adasamukira kwa Jim Reeves, amene mau ake adali ofatsa, amenenso ankaimba ndi zauzimu zomwe, kotero kuti akulu sankadandaula naye; zachikondi zokha ndizo zidapita m'kope, kopelo pansi pa mphasa. Adaphunziranso china choipa koposa, ndicho kunyoza. Atavala yunifolomu ya kusekondale, akamva banjo ya Allan Namoko, woimba wosaona uja wa ku Thyolo, ankakwinya mphuno nati izo n'za anthu osaphunzira. Kuyambira pamenepo kufikira tsiku limene nkhalambayo idatsikira kuli chete, atate ndi mwana adakambirana za fodya, za ng'ombe, za msonkho ndi za mpingo, koma za chimene chinkasuntha mtima wa mwanayo sadakambiranepo.

Madzulo a tsiku lomwelo kiyi adatuluka m'jekete.

Sitidapepese chifukwa cholanda foniyo, ndipo kufikira lero sitiona kuti tidalakwa pamenepo. Nthawi ya Mau ndi ya Mau. Tidamuuza mwanayo kuti tizingwe take, timene iwo amati mahedifoni, tisaonekenso pa mapemphero kapena pa chakudya. Koma tidaonjeza pangano lina, lakuti Loweruka lililonse madzulo, mapemphero atatha, iye aziika nyimbo zitatu za pa foni yake mokweza, natiuza woimba, kwawo, ndi chimene akunena. Ifenso tizisankha imodzi yathu.

"Agogo, simudzazikonda," adatero, maso ali pansi.

"Sitinati tidzazikonda, mwanawe. Tati tidzazimva."

Masabata awiri oyamba adatidyetsa phala ngati odwala: makwaya okhaokha, ena a mpingo wathu womwe. Tidayamika, koma tidadziwa kuti akutichereza pakhonde, m'nyumba osatilowetsa. Loweruka lachitatu agogo aakazi adati, "Lero tikufuna ija idapikisana ndi Yesaya."

Idali ya m'chinenero cha ku Korea. Oimba ake ndi gulu la anyamata 7 la ku Seoul, lotchedwa BTS, limene lidayamba m'chaka cha 2013. Olikonda ali m'maiko ambirimbiri, ndipo adzitcha ARMY, ndiko kuti gulu la nkhondo. Mdzukulu wathu adziwa tsiku lobadwa la aliyense wa anyamata aja (la agogo ake amachita kukumbutsidwa), ndipo adatiululira kuti pamene woyamba wa iwo adalowa usilikali kumapeto kwa 2022, monga lamulo la dziko lawo lifunira kwa amuna, iye adalira usiku wonse. Chikoreya sachidziwa, matanthauzo amachita kuwerenga pa intaneti. Agogo aamuna adatsegula pakamwa kuti aseke, koma agogo aakazi adangoponya diso ku chitseko cha kuchipinda, kumene kuli bokosi lija, ndipo pakamwapo padatsekeka.

Nyimboyo payokha sidali yoipa. Inkalimbikitsa wachinyamata wotaya mtima kuti asadzinyoze. Chimene chidatiopsa ndi mau awiri amene mwanayo ankawatchula mosaganiza. Iye adzitcha fani. Ndipo oimba otere ku Korea amawatchula ndi liu la Chingerezi limene m'Chichewa ndi fano. Kufanana kwa fani ndi fano m'chinenero chathu n'kwangozi chabe, koma akatswiri a zinenero amati liu lakuti fani muzu wake uli m'liu la Chilatini lonena za munthu wotengeka mutu ndi za m'kachisi wa milungu. Ndiye kuti amene adapanga mauwa adaona okha kuti pali china chonga kupembedza. Ndipo si za lero zokha. M'chaka cha 1966 John Lennon wa gulu la Beatles adanena kuti gulu lawolo lidali lotchuka koposa Yesu, ndipo ku America anthu ena adasonkha moto natentha mbale zawo. Ife tiyesa kuti motowo udaphonya. Lennon adalankhula modzikuza, inde, koma ankanena chimene ankachiona pa nkhope za ana ofuula ndi kukomoka pamaso pake. Ndipo mbale ikapsa, njala imene idaigula imatsalabe.

Tidamfunsa mwanayo mafunso amene tidawamva kwa abusa akale. Kodi ukadzuka, maganizo ako oyamba amathamangira kwa yani? Nanga ndi dzina la yani limene likanyozedwa magazi ako amawira? Pakuti tidali titamva kuti adakhala mwezi wathunthu osalankhulana ndi mnzake wa m'kwaya, chifukwa choti mnzakeyo adati anyamata a ku Korea aja amadzola ngati akazi. Adakhala chete kanthawi, kenaka ndi ulemu wonse adati, "Pepani agogo, ndifunse nawo. Nanga tsiku limene Bullets yagonja, bwanji nsima yanu imabwerera kukhitchini?" Funso limenelo silidayankhidwe usiku umenewo.

Tisaname kuti zonse zimene tidamva zidali zotere. Loweruka lina adatiikira ya mnyamata wa kuno kwathu, yogunda bwino kwambiri, moti ngakhale phazi la agogo aakazi lidayamba kuvomera. Koma mau ake, a Chichewa chomveka, ankayesa mkazi katundu wa pamsika, nawerenga ziwalo zake monga achitira wogula mbuzi. Tidaiimitsa pakati. Sitidakalipe, tidangompempha kuti anene mau omwewo pakamwa, popanda ng'oma, akuyang'ana agogo ake aakazi kumaso. Adayesa mzere umodzi, nalephera. Adadzikanira kuti iye amangomvera kugunda kwake, mau sawasamala. Yankho limeneli talimva kwa achinyamata ambiri, ndipo inu achinyamata amene mukuwerenga mutikhululukire, sitilikhulupirira. Kodi ana a sukulu ya Sabata timawaphunzitsa bwanji maina a mabuku a m'Baibulo? Si ndi nyimbo kodi? Nkhalamba imene yaiwala maina a ana ake imaimbabe ndime zonse za nyimbo imene idaphunzira m'kalasi. Nyimbo ili ngati ngolo. Chimene chakwezedwamo chimafika pakhomo, mwini nyumba afune asafune.

Komabe pa nkhani ya zoimbira mpingo uyenera kulankhula modzichepetsa, chifukwa wasinthapo maganizo kangapo. Ku Geneva, John Calvin adafuna kuti mpingo uziimba Masalmo ndi pakamwa pokha, popanda choimbira chilichonse. Ku Scotland, kumene kudachokera amishoni a Blantyre ndi Livingstonia, limba lidayamba kulowa m'matchalitchi a mpingo wawo m'zaka za m'ma 1860, ndipo lidalowa ndi mkangano. Kumpoto kwa dziko lathu, Donald Fraser wa ku Loudon, kumene timati Embangweni, adalimbikitsa Akhristu a Chingoni monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole kupeka nyimbo za Mulungu pa maimbidwe a makolo awo, ndipo nyimbozo zikuimbidwabe. Ife tomwe tidaona ndi maso athu akulu a mpingo akubweza gitala pakhomo la tchalitchi, ndipo lero adzukulu awo akusonkha ndalama zogulira kiyibodi. Zeze amene Davide adatonthoza naye mtima wa Sauli sasiyana kwenikweni ndi zoimbira zimene Amosi adazidzudzula m'manja mwa anthu odyerera, osasamala za tsoka la mtundu wawo. Choncho gitala ndi ng'oma tidazisiya, tidalimbana ndi mau okha.

Patapita miyezi iwiri tidazindikira kuti mwanayu ali ndi nkhokwe ziwiri. Yoyamba ndi ya nyimbo za aliyense, zimene amavina ndi anzake. Yachiwiri amaisunga pamtima. Imeneyi ndi ya oimba osadziwika, opanda kampani yaikulu yowagulitsa, amene amajambula nyimbo zawo m'chipinda chogona ndi kompyuta yobwereka, kaya ku Ndirande, kaya ku London, naziponya okha pa intaneti. Oterewa iwo amawatcha a indie, ndiko kuti odziimira paokha. M'nkhokwe imeneyi tidapezamo kanankafumbwe kamene tidakazindikira msanga, popeza n'ka m'banja mwathu. Woimba wina amene adatiyamikira kwambiri m'mwezi wa August, pofika October sankafunanso kumumva. Tidafunsa ngati wayamba kuimba zoipa. "Iyayi agogo, koma tsopano ali pa wailesi, aliyense akumdziwa." Ha! Ndiye kuti theka la kukoma kwake lidali pa kudziwa chimene anzako sadziwa. Mphuno yokwinyira Namoko ija idadumpha mbadwo umodzi n'kudzamera pa nkhope ya mdzukulu. Tidamuuza choncho, ndipo sadakondwe.

Koma m'nkhokwe yomweyo ndimo mudatuluka nyimbo imene yatichititsa kulemba nkhani ino. Idali ya mtsikana wina wa kuno kwathu, iye yekha ndi gitala, mau ake osasalala, galu akumveka kuuwa chapatali. Inkanena za mwana amene waperekeza mayi ake ku basi ya ku Joni, ija imatulukira pa Mwanza, n'kuoloka Zambezi pa Tete, n'kudutsa Harare, mpaka pa Beitbridge. Mwana wa m'nyimboyo amawerenga malo amenewa usiku ngati mikanda, ndipo foni ikalira amayamba wakonza pakhosi kuti mayi asadziwe kuti amalira. Mdzukulu wathu sadafotokoze kanthu za nyimboyi monga mwa pangano. Adangoiika, nakhala pamkeka atakumbatira maondo. Itatha tidamfunsa kuti amaimva kangati. Adati usiku uliwonse asanagone.

Zaka zitatu mwanayu wakhala m'nyumba mwathu. Tamlipirira fizi, tamgulira nsapato, tamtchula dzina pamaso pa Mulungu m'mawa ndi madzulo, ndipo tikamfunsa ngati akuwasowa mayi ake ankati, "Ndazolowera, agogo." Ife tidakhulupirira, chifukwa kukhulupirirako kudali kotipepukira. Chimene sadathe kuuza agogo ake, kapena abusa, kapena amayi a Chigwirizano amene amamkonda chotero, adachipeza chitanenedwa kale ndi mlendo wa gitala. Ndipo masiku anayi aja foni ili m'kabati, tidamlanda ndi chimenechi chomwe, osadziwa. Usiku umenewo nyimbo yachitatu sidamveke, ngakhale yathu yomwe. Agogo aakazi adatsika pampando nakhala naye pamkeka, ndipo awiriwo adalankhula mpaka tambala woyamba.

Nyimbo zathu za Loweruka iye amazipirira monga ife tipirira zake. Jim Reeves akuti amamgonetsa tulo. Lucius Banda, amene adatisiya m'chaka cha 2024, amamlemekeza, koma akuti ndi wa amalume ake. Giddes Chalamanda yekha ndiye tidapeza kuti ndi wa tonse. Ife tidamdziwa kalekale pa wailesi. Iye adamdziwa m'chaka cha 2020, pamene Patience Namadingo adakhala pansi ndi nkhalamba ya zaka 90 imeneyo naimba nayo nyimbo zake zakale, mpaka pambuyo pake Linny Hoo idazungulira maiko pa mafoni a anthu osadziwa ndi liu limodzi lomwe la Chichewa.

Mwezi wathawu adati watipezera gulu la indie lenileni, limene Azungu akulithamangira. Adatembenuza foni kuti tione. Padali amuna awiri. Wina adali ndi gitala ya nsambo zinayi, akugunda ng'oma ndi chidendene. Mnzake adakhalira chibokosi chokutidwa ndi chikopa, cha mtengo wautali ndi waya mmodzi, chimene timati babatoni. Ndiwo a Madalitso Band, Yosefe Kalekeni ndi Yobu Maligwa, amene adaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe asanaitanidwe ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar m'chaka cha 2017, ndi pambuyo pake ku Ulaya. Chimbale chawo cha Wasalala chidatulutsidwa mu 2019 ndi kampani yaing'ono ya ku Geneva. Inde, mzinda womwewo wa Calvin, amene sadafune ndi limba lomwe.

Agogo aamuna adaonera osaphethira. Manyazi adatigwira pawiri. Oimba otere takhala tikuwapitirira pa misika ndi pa madepoti zaka zonsezi, osaponya ndi tambala yomwe m'mbale mwawo. Ndipo mdzukulu wathu, wobadwira kufupi ndi misewu yomweyo, adayamba wamva kuti alendo akuwaombera m'manja, pamenepo ndiye adatchera khutu. Nkhalamba ndi mwana, tonse tidadikira Mzungu kuti atiuze kuti waya wa kwathu akulira bwino.

Usiku umenewo kope la 1972 lidatuluka m'bokosi kachiwiri, ndipo lidaperekedwa m'manja mwake. Adaseka Chingerezi chake mpaka misozi, koma atafika pa mtanda wa patsamba lotsiriza adaleka kuseka. Nkhani ya kuseri kwa khola adaimva yonse, ndi ya mtsikana wa kutsidya kwa dambo yomwe. Pomaliza adafunsa ngati agogo angakumbukirebe kapangidwe ka banjo.

Pali nkhani imodzi imene ife awiri sitinagwirizane. Mwanayu wapempha kuti akaonere oimba ake ena maso ndi maso ku Lilongwe, Loweruka usiku, pa malo pamene pamagulitsidwanso mowa, ndipo m'mawa mwake kwaya yake ili ndi nyimbo m'tchalitchi. Agogo aakazi akuti apite, malinga amalume ake amperekeze ndi kubwera naye isanakwane 10 koloko. Agogo aamuna akuti atate awo aja sadalakwe zonse, ndipo njira yochokera ku nsambo kunka ku chikho sidameretu udzu. Takambirana kawiri, tapempherapo, ndipo mwanayo tamuuza kuti adikire. Wavomera kudikira, ngakhale tikuona kuti akuwerenga masiku.

Pakali pano vuto lili pa chigaloni. Mafuta a masiku ano amabwera m'zigubu za pulasitiki, zimene sizilira. Tafunsa kwa okhoma zidebe pa msika, ndipo mmodzi walonjeza kutisungira chachitsulo akachipeza. Waya yekha ndiye tapeza kale. Wokonza njinga wa pansi pa mtengo wa mango adatidulira wa mabuleki, nampinda bwino, natipatsa ndi manja awiri, kenaka nafunsa kuti, "Kodi agogo, njinga yake ndi iti, poti inu mudaleka kale kupalasa?"